Phazi la Apongozi

"Aka n'kachitatu sabata ino ndikutenthetsa madzi, bambo a Mayamiko. Kodi azizirenso pakhondepa ngati dzana?"

Gracian sadatembenuke. Adali kumangirira matumba opanda kanthu kumbuyo kwa njinga yamoto, mtima uli kale ku Tsangano kumene ankapikula mbatata ya kachewere. Adayankha kuti bambo ake si khanda, manja ali nawo, akafuna kusamba asamba okha. Mkazi wake Enelesi adatula beseni pansi n'kumukumbutsa kuti munthu amene akulephera kuwerama sangafikire kuphazi kwake, ndiponso kuti fungo lochokera m'kanyumba ka madalawo layamba kumveka mpaka kukhitchini.

"Ngati inu zikukuvutani, ndiloleni ine ndilowe ndikawaone."

Apa m'pamene Gracian adacheuka. "Ulowe kuchipinda kwa apongozi ako? Mutu wako ukuyenda bwino iwe? Ufuna mudzi wonse unene kuti kwa a Ngozo adatengera mkazi wopanda mwambo?"

Adaliza njinga yake n'kuchoka, ndipo madzi aja adazizira pakhonde pomwepo.

Kwathu kuno kufupi ndi Champiti, mkazi wobwera kuchitengwa sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso. Chakudya amasiya pakhomo n'kubwerera. Akakumana nawo panjira amapatukira patchire n'kugwada mpaka adutse. Ndi mwambo wokoma ndithu, bola apongoziwo akhale ndi mkazi wowasamala. Koma a Silvester Ngozo, bambo ake a Gracian, akazi awo adamwalira zaka zinayi zapitazo. Ana awo aakazi adakwatiwa kutali, wina ku Mzuzu, wina ku Joni. Pakhomo padatsala mwana wamwamuna amene amathawa ndi kuona magazi a nkhuku omwe, ndi mpongozi amene mwambo udam'manga manja. Zimandipsetsa mtima kuti tonsefe oyandikana nawo tinkazidziwa zimenezi, koma tinkangopereka moni n'kumadutsa.

Lachitatu la sabata yomweyo kudabwera alendo. Mlangizi wa zaumoyo adafika ndi ophunzira awiri a kusukulu ya udokotala, mtsikana wotchedwa Nomsa ndi mnyamata wotchedwa Allan. Adati kwa masabata asanu ndi imodzi azibwera Lachitatu lililonse kudzacheza ndi okalamba m'makomo mwawo, kuti aphunzire mmene nkhalamba zimakhalira zikakhala kutali ndi chipatala. A Ngozo adawasankha chifukwa adali ndi matenda a shuga.

Madalawo sadali munthu wolandira alendo atavala nsanza. Adagwira ntchito kumigodi ya ku Joni zaka khumi ndi zinayi, ndipo ngakhale ndalama zidatha kalekale, ulemu wake adausunga m'sutikesi. Adatuluka atavala jekete ya bulawuni, chipewa, ndi jombo zawo zakumgodi zopukutidwa bwino, n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mango pamene mphepo inkawomba. Gracian tsikulo sadapite ku Tsangano. Munthu uja ankakonda kuonedwa ali ndi anthu ophunzira, ndipo adakhala pafupi ndi bambo ake ngati mwana wabwino wa pachithunzi.

Ophunzirawo adayeza bipi, adabaya chala kuyeza shuga, kenako Nomsa adatulutsa fomu ya mafunso. Amadya kangati patsiku? Amagona bwino? Mankhwala akumwa? Pafupifupi funso lililonse ankayankha ndi Gracian bambo ake asadatsegule pakamwa. Atafika pa funso lakuti amawasamalira ndi kuwasambitsa ndani, Gracian adadziloza pachifuwa. A Ngozo adayang'ana pansi. Nomsa adalemba dzina la Gracian ndi zilembo zooneka bwino, ndipo Enelesi ankamva zonse atagwada chapatali pafupi ndi nkhokwe.

Sabata yotsatira Enelesi adakawadikira alendowo panjira ya kumjigo, ndowa ili pamutu. Adalola Allan kudutsa, n'kumukodola Nomsa.

"Pepani achemwali, lero muwavule jombo ya kumanzere. Koma musanene kuti mwamva kwa ine."

Nomsa adakulira ku Blantyre, m'nyumba imene mayi ake ankadyera patebulo limodzi ndi agogo ake aamuna. Adaganiza kuti awa ndi manyazi chabe a amayi akumudzi, ndipo adavomera akumwetulira.

Kuvula jombo ija idali nkhondo. A Ngozo adati mapazi awo ali bwino, sakumva kupweteka kulikonse, ndipo mwamuna savula nsapato pamaso pa mtsikana wamsinkhu wa mdzukulu wake. Nomsa adachoka n'kukaima kuseri kwa nyumba. Allan adagwada, adawanyengerera, adawafunsa za kumgodi mpaka madalawo adaiwala kukana. Jombo itavuka, sokosi idapezeka itamatirira kuphazi. Pansi pa chala chachikulu padali chilonda chakuya chodzaza mafinya, ndipo m'mphepete mwake munkayenda mphutsi. Kamsomali ka m'jombomo kadawalasa masabata angapo m'mbuyomo, koma shuga adali atapha kale mitsempha ya phazilo, moti iwo sadamve kanthu. Gracian adathamangira kuseri kwa khola kukasanza.

Tsiku lomwelo adawatengera kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Kumeneko adatsuka chilondacho, adapereka mankhwala akumwa, ena opaka ofiirira, ndi mabandeji. Adachenjeza kuti chizitsukidwa kawiri tsiku lililonse ndi madzi owiritsa othira mchere, apo ayi phazilo lidzadulidwa. Atabwerera kunyumba, ophunzira aja adaphunzitsa wosamalira wodwala mmene angachitire. Wosamalirayo, malinga ndi fomu, adali Gracian. Adamusonyeza kusamba m'manja, kupukuta kuchokera pakati kupita kunja, ndi kumanga bandeji mosathina. Iye ankangogwedeza mutu n'kumati izi n'zosavuta. Palibe adaona kuti pa mpanda wa udzu wa kukhitchini padali kampata, ndipo pakampatapo padali diso la Enelesi likutsata chilichonse.

Gracian adatsuka chilondacho Lachinayi m'mawa atatseka mphuno ndi mpango. Madzulo ake adati watopa. Lachisanu adati ku Tsangano kwatsika mtengo wa mbatata, sangaphonye. Loweruka masana Enelesi adaona ntchentche zikuzungulira pakhomo pa kanyumba kaja, ndipo adamva madalawo akuitana dzina la mwana wawo ndi mawu otsika, ngati munthu amene akudziwa kale kuti sayankhidwa.

Adawiritsa madzi, adathira mchere, adadikira kuti azizire. Kenako adakagwada panja pa chitseko, nkhope atalozetsa kumbali. M'zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za banja lake, adali asadalankhulepo nawo mawu oposa moni.

"Odi, agogo a Mayamiko. Ana anu kulibe. Ndabwera ndi madzi a pachilonda."

M'katimo madalawo adati asiye pakhomo, Gracian akabwera adzaona. Enelesi sadasunthe. Adati Gracian abwera dzuwa litalowa, ndipo adokotala ananena kuti kawiri patsiku. Adati akudziwa kuti n'kulakwa, koma kudulidwa phazi n'kulakwa koposa.

Adamva mphasa ikuchita phokoso, kenako mawu obanika. "Ine ndagona tulo. Sindikuona kanthu, sindikumva kanthu."

Atalowa adapeza madalawo atadzifunditsa jekete ija kumutu, phazi lokha atalitulutsa m'bulangete. Adagwira ntchito yake mwakachetechete monga adaonera pakampata paja. Akumaliza kumanga bandeji adaona kuti mapewa a pansi pa jeketeyo akugwedezeka. Munthu wamkulu ankalira, ndipo Enelesi adatuluka msanga kuti asawachititse manyazi.

Zidapitirira motero m'mawa Gracian akachoka ndi masana asadabwere. Tsiku lachitatu jekete idatsika mpaka pamphuno. Tsiku lachisanu idali papilo, ndipo madalawo ankafotokoza za chikepe cha kumgodi chimene chinkawatsitsa pansi mpaka makutu kutsekeka, ndi za mnzawo wa ku Mozambique amene ankaimba nyimbo akamaopa. Enelesi adazindikira kuti apongozi ake ndi munthu wanthabwala, amene adakhala zaka zinayi opanda womuseketsa. Adawachapira zofunda, adawawenga zikhadabo, adawapaka mafuta kumiyendo.

Tsiku lina adamuuza kuti akumupatsa nkhuku yathadzi yamawangamawanga kuti ikhale yake. Adati makolo akafuna kumasula mpongozi kuti asamawathawenso, ankamupatsa nkhuku, ndipo kuyambira tsikulo iye ndi mwana wawo, osati mpongozi. Enelesi adathokoza, koma adawakumbutsa kuti zotere zimachitika pamaso pa anthu. Iwo adati adzaitanitsa abale phazi likapola, pakuti sankafuna kuti anthu adzawaone akutsimphina. Kunyada kwa amuna a Chingoni sikukalamba, ndipo apa kudawapweteketsa.

Gracian ankadziwa. Izi ndikunena mosaopa. Madzulo alionse ankasuzumira m'kanyumbamo n'kuona bandeji yoyera imene sadamange iye. Ankaona zala za mkazi wake zitadetsedwa ndi mankhwala ofiirira aja. Sadafunse kanthu, chifukwa kusafunsa kunkamukomera.

Lachitatu la sabata yachinayi pakhomo padali mlendo wina, azakhali a Gracian, a Selestina, mlongo wawo wa a Ngozo, amene amakhala kutsidya kwa dambo. Adabwera kudzazonda wodwala. Ndi mayi wakhama pa zamaliro ndi zaukwati, wodziwa kuti uyu akhala pati ndipo uyo alankhula liti, ndipo m'banjamo mawu awo ndiwo amatseka nkhani.

Allan atamasula bandeji adaimba mluzu. Chilonda chidali chitachepa, mafinya atatha, mnofu wofiira ukumera m'mbali. Adagwira Gracian chanza n'kumuuza kuti wapulumutsa phazi la bambo ake. Gracian adamwetulira, n'kunena kuti kholo ndi kholo, munthu umayenera kudzipereka. A Selestina adaomba m'manja. Allan adamupempha kuti amange yekha bandeji yatsopano aone mmene amachitira, ndipo munthu uja adaigwira ngati akumanga thumba la mbatata, mpaka idagwa pansi kawiri.

Nomsa ankaona zonsezi. Adaona zala za Enelesi pamene ankapereka madzi osamba m'manja, ndipo mtima udamuwawa. Adali mtsikana wachilungamo, wosakonda kuona mwamuna akudya thukuta la mkazi, ndipo kusukulu adawaphunzitsa kuti wosamalira wodwala ayenera kulimbikitsidwa. Zimene adauzidwa panjira ya kumjigo adali ataziiwala, kapena adaziyesa zazing'ono.

"Ayi, tiyamike woyenera kuyamikidwa," adatero mokweza, akumwetulira. "Mayi a Mayamiko, manja anu ndi odala. Mukanakhala kuchipatala bwenzi muli namwino. Pitirizani momwemo, kawiri patsiku."

Enelesi adabisa manja m'chitenje, a Ngozo adatseka maso, ndipo Nomsa adayang'ana uku ndi uku osamvetsa chimene walakwa.

A Selestina adadikira kuti alendo apite, pakuti za m'banja sakambira pa anthu. Atangokhota pa mtengo wa bulugamu, adaitana onse pabwalo. Adafunsa ngati n'zoona kuti mkazi wa Gracian wakhala akulowa kuchipinda kwa apongozi ake, mwamuna wake kulibe, n'kumawagwira thupi. Enelesi adavomera. Adafotokoza za ntchentche, za chenjezo la kuchipatala, ndi za madzi amene ankazizira pakhonde. Azakhaliwo adati akadawatumira uthenga iwo. Enelesi adati adawatumira kawiri, ndipo adayankha kuti ali ndi maliro ku Kasinje.

A Ngozo adayesa kulankhula. Adati mwanayu alibe mlandu, adamumasula okha, adamupatsa nkhuku.

"Nkhuku yoperekera m'chipinda, muli awiri, chitseko chotseka?" adafunsa a Selestina. "Achimwene, musandilankhulitse zambiri. Mukufuna anthu aziti chiyani za inu pa msinkhu wanuwu?"

Manyazi a mawu amenewo adawagwetsa madalawo kuposa matenda. Azakhali adatembenukira kwa Gracian n'kumufunsa ngati ankadziwa. Enelesi adadzutsa mutu n'kumuyang'ana mwamuna wake m'maso. Padangofunika mawu amodzi okha.

"Ine sindimadziwa kanthu, azakhali," adatero Gracian akuyang'ana zala zake zakumiyendo. "Ndikanadziwa sindikanalola."

Chigamulo chidali chakuti Enelesi abwerere kwawo ku Manjawira mpaka ankhoswe a mbali zonse adzakumane. Sadatsutse. M'mawa mwake adawiritsa madzi odzaza m'chigubu, adadula mabandeji m'miyeso yake n'kuwaika m'pepala la pulasitiki, adasiya zonse pakhomo pa kanyumba kaja. Adagwada pomwepo n'kutsanzika. Mwana wake Mayamiko adali kusekondale yogonera komweko, choncho padalibe ndi womunyamulira chikwama yemwe.

Ankhoswe sadakumane msanga. Wina adali kokolola mpunga ku Bwanje, wina adati adikire atagulitsa nyemba. A Selestina adabwera masiku awiri kudzatsuka chilondacho, koma maso awo saona bwino, msana umawavuta, ndipo kutsidya kwa dambo si pafupi. Gracian ankatsuka akakumbukira. A Ngozo adasiya kuitana munthu, ndipo chakudya chinkabwerera momwe chapitira.

Lachitatu lotsatira ophunzira adapeza bandeji ya masiku anayi itauma ndi mafinya. Mlangizi wa zaumoyo ndiye adamufotokozera Nomsa zimene zidachitika, ndipo mtsikanayo adakhala pansi padothi ndi yunifolomu yake yoyera. Atatsuka chilondacho adawoloka dambo kupita kwa a Selestina kukapepesa. Adati wolakwa ndi iye, amulole mayi uja abwerere ngakhale kwa masabata awiri okha, mlandu adzakambe pambuyo. Azakhaliwo adamulandira bwino, adamupatsa mpando ndi nthochi, n'kumuuza mwaulemu kuti iye aphunzire za mankhwala, za pakhomo pa eni azisiyire eni ake. Ophunzirawo adauza Gracian kuti apite nawo bambo ake kuchipatala mawa lomwe. Iye adavomera, monga ankavomerera chilichonse.

Sabata yotsatira ophunzira onse adaitanidwa kuboma kukapereka malipoti a zimene apeza m'midzi. Atabweranso patatha masiku khumi ndi anayi, fungo lidawachingamira ali kumsewu. Phazi lidali litada mpaka m'kakolo, thupi likutentha, madalawo akulankhula chilankhulo cha kumgodi ndi anthu amene adamwalira kale. Allan adaimba foni kuitanitsa ambulansi. Kuchipatala chachikulu cha kuboma madokotala adati angapulumutse moyo, koma osati phazi, ndipo adadula mwendo pansi pa bondo.

Wodwala wa m'chipatala amafuna womudikirira, womutembenuza, womutengera potayira madzi. Gracian adapirira tsiku limodzi n'kunena kuti mbatata zikuola kunyumba. A Selestina adapirira masiku awiri pa simenti ya kuwodi ya amuna, tsiku lachitatu msana udakana. Ndi iwo omwe amene adauza Gracian kuti aimbire mkazi wake foni. Adati pa matenda mwambo umayamba wadikira. Mawu amenewa akadawapeza mwezi umodzi m'mbuyomo, bwenzi nkhani ino kulibe.

Enelesi adafika masana ndi minibasi ya ku Manjawira, atanyamula sopo, thaulo ndi phala m'fulasiki. Akadafuna akadakana, ndipo palibe akadamunena. Pakhonde la wodi adadutsa mwamuna wake ndi azakhali osaima. Amene adamuimitsa ndi Nomsa, maso ali ofiira.

"Mayi, ndikhululukireni. Ndinkangofuna kuti akuyamikeni."

"Ndikudziwa, mwana wanga," adatero Enelesi. "Koma ine sindinkafuna kuyamikidwa. Ndinkafuna phazi lipole."

Adalowa onse awiri. A Ngozo adali pabedi la pakona, atachepa thupi moti ankaoneka ngati mwana m'bulangetemo. Kumanzere, kuyambira pabondo kutsika, bulangete lidangogona pamatiresi. Atamuona mpongozi wawo adamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, pamaso pa wodi yonse. Adafuna kunena kanthu za tsiku lija pabwalo, koma Enelesi adawaletsa, nati amwe kaye phala.

Adamwa masupuni atatu n'kukana. Kenako adayamba kusuntha mosakhazikika, nkhope itakwinyika.

"Mwana wanga, chala chachikulu chija chikundiyabwa kuyambira dzulo. Ndauza Gracian, wangondiyang'ana. Tandikanda pang'ono."

Enelesi adayang'ana Nomsa. Mtsikanayo adanong'ona kuti zimachitika, thupi limachedwa kudziwa kuti chiwalo chachoka, ndipo adatembenukira kuzenera chifukwa misozi idali itamugonjetsa.

Enelesi adaika kapu pansi. Adagwada kumiyendo kwa bedi, adalowetsa dzanja m'bulangete, n'kuyamba kukanda pamatiresi popanda kanthu, pang'onopang'ono, pamene phazi lidayenera kukhala.

"Apa, bambo?"

"Tsika pang'ono," adatero madalawo atatseka maso. "Eya, pomwepo. Iwe wekha ndiwe umapadziwa."